NSOMBA YA BWANA MU MTSINJE WATHU



Pa msonkhano wa mwezi watha, titatha nkhani ya feteleza, mnyamata wina anaimirira nafunsa ngati nthambi ino iri ndi mau pa za mtsinje wa Mulunguzi, pamwamba pa phiri la Zomba, ndi nsomba ija imene Azungu amaitcha trout, ife nkumati tirauti. Mnyamatayo asanakhale pansi, mkulu wina wolemekezeka, amene sindimtchula dzina pakuti ndimadya naye m'mbale imodzi, anamdula pakamwa. Anati nsomba imeneyo inadza ndi atsamunda, ndi ya atsamunda, ndipo ngati iri kufa, ife ndithu, itsate eni ake. Anthu anaomba m'manja, amai anaimba nthungululu, ndipo a Wapampando anapita pa nkhani ina. Ine sindinaombe m'manja. Ndinangokhala chete chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo ena mumachokera kutali. Tsono ndapempha a Mlembi kuti andipatse malo m'kalata muno, ndinene zimene ndinameza tsiku lija.

Ngati pali munthu m'nthambi muno woyenera kudana ndi nsomba imeneyi, ndine. Malemu bambo anga, ali mnyamata, ankanyamula dengu ndi kaukonde ka Mzungu wina amene ankakwera phiri Loweruka lirilonse kukawedza. Amene simunaone kawedzedwe kake, tamverani, pakuti sikafanana ndi kathu. Mzungu saika nyongolotsi kapena chiwala ku mbedza. Amamanga nthenga za tambala ndi ulusi pa kambedza kakang'ono mpaka kaoneke ngati kachirombo kouluka, ndipo chimenecho amachitcha ntchentche. Amaima m'madzi ofika m'maondo, ndi ndodo yaitali yopyapyala, nkumaponya chingwe m'mbuyo ndi m'tsogolo, m'mbuyo ndi m'tsogolo, kufikira kanthenga kaja katatera pa madzi mosachita phokoso. Tirauti amakhala kuseri kwa mwala, mutu utaloza kumtunda, kudikira chakudya chimene madzi amtengere. Ali ndi maso akuthwa. Akaona chithunzithunzi cha munthu, wapita. Chifukwa chake wowedza amamdzera chakumunsi, mozemba, pa matanthwe oterera ndi ndere, m'malo oti ukaponda molakwa mwendo wathyoka.

Nanga amene ankadziwa matanthwe amenewo anali yani? Amene ankadziwa dziwe liti liri ndi nsomba yaikulu, kuchokera ku mathithi a Williams mpaka ku mathithi a Mandala, anali yani? Anali bambo anga. Iwo ankaiona nsomba Mzungu asanaione, nkuloza ndi mlomo, Mzungu nkuponya, nkukola, nkukaima pa chithunzi. Bambo ankaitumbula, kuitsuka, kuikulunga m'masamba ndi kuisenza mpaka ku galimoto. Zaka zonsezo sanailawepo. Tsiku lina agogo anga akazi atadwala nakana ndiwo zonse, bambo anakwera mbandakucha ndi mbedza yawoyawo ndi nyongolotsi ziwiri, nakola imodzi. Mlonda wa mtsinje, munthu wakuda mnzao, anawagwira potsika. Analakwa pawiri: analibe chiphaso, ndiponso anawedza ndi nyongolotsi pamene lamulo linkalola nthenga zokha. Ntchito inathera pomwepo, mbuzi inapita pa chindapusa, ndipo nsombayo agogo sanaione. Nkhani imeneyi ndinaimva kangapo konse, ndipo nthawi zonse bambo ankaimaliza ndi kulavula malovu pansi.

Ndiye mkulu uja asaganize kuti ndiri kuteteza atsamunda. Mbiri yake ndiri kuidziwa, ndipo ndiinena moposa m'mene iye anainenera. Tirauti wa mtundu umenewu kwao ndi ku mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, imene imathira m'nyanja ya Pacific. Angerezi ankamkonda kwambiri, kotero kuti kulikonse kumene analanda dziko lokhala ndi mapiri, ku New Zealand, ku South Africa, ku Kenya, anayesetsa kutumizako mazira ake pa sitima za pamadzi, m'mabokosi ozizira. Kuno anamfikitsa m'chaka cha 1906. Taonani bwino chaka chimenecho, abale. Inali nthawi ya msonkho wa nyumba ndi thangata. Boma limene linali pa Zomba linapeza nzeru, ndalama ndi nthawi yosamalira nsomba ya masewera, kuiswetsa, kuilembera malamulo ndi kuiikira alonda. Koma kuti Boma lomwelo liganize zoti munthu wa kumudzi angakumbe dziwe nkuweta makumba ndi chilunguni zoti adye ndi ana ake, panapita zaka ngati 50. Ntchito ya maiwe a nsomba zathu inayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo malo oswetsera a ku Domasi, m'munsi mwa phiri lomweli, ndi a nthawi imeneyo. Chisangalalo cha bwana chinatsogola, mimba ya mwini dziko inadza pambuyo. Pa mau amenewa ine ndi mkulu uja tiri amodzi.

Pamene tasiyana ndi apa: iye akuti popeza nsomba inadza molakwika, ife. Ine ndikuti tiyambe tafunsa chimene chimaipha. Pakuti tirauti safa ndi ndale. Safa chifukwa mbendera inasintha mu 1964, kapena chifukwa likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Amafa makamaka ndi zinthu zitatu, ndipo zonse zitatu ndi adani athu ifenso.

Choyamba ndi kutentha kwa madzi. Nsomba imeneyi imakondwa m'madzi a madigiri 10 mpaka 16 pa muyeso wa Celsius. Akapitirira 20 imayamba kuvutika, ndipo akafika cha m'ma 25 imafa, chifukwa madzi ofunda sasunga mpweya wokwanira. Phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000 pa nsonga pake, nchifukwa chake madzi ake amatuluka ozizira. Koma chimene chimawasunga ozizira poyenda ndi mthunzi wa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Dulani mitengoyo, dzuwa la Okutobala limenye pa thanthwe tsiku lonse, muone ngati madzi saphika. Chachiwiri ndi matope. Tirauti wamkazi amakumba kadzenje ndi mchira wake pakati pa timiyala ta pansi pa mtsinje, naikira mazira m'menemo, nkukwirira. Mazirawo amapuma ndi madzi oyenda pakati pa timiyalato. Mvula ikakokolola dothi la pa phiri lopserera, matope amatseka mipata yonse, ndipo mazira amaola asanaswe. Chachitatu ndi kuchepa kwa madzi m'chirimwe, pamene nthaka yopanda chofunda yalephera kumwa mvula ya dzinja, madzi onse nkutsika tsiku limodzi ngati chigumula, Seputembala nkupeza mtsinje uli ngati mkodzo wa mbuzi.

Tsopano ndikufunsani inu amai amene munaimba nthungululu: madzi ofunda, amatope ndi ochepa, ndani wa inu amawafuna mu mtsuko mwake? Chimene tirauti amapempha kwa mtsinje ndi chomwecho chimene inu mumapempha. Kusiyana kwake nkwakuti iye ndi wosalimba, amafa msanga, pamene ife timapirira, timasefa ndi kansalu, timanka tikumba mchenga. Ndiye kuti iye ndi mlonda amene sitimlipira. Akayamba kusowa m'dziwe m'mene anali, wakuuzani zaka zingapo pasadakhale kuti mtsinje wadwala. Munthu wanzeru saombera m'manja imfa ya galu amene amauwa afisi, ngakhale galuyo anamsiya ndi mdani wake.

Ena adzati Mulunguzi ndi wa anthu a m'tauni, ife sutikhudza. Inde, damu lalikulu limene liri pamwambapo limamwetsa mzinda wa Zomba, ndi zipatala zake, masukulu ake ndi ana athu omwe amene tinawatumiza kukaphunzira. Koma tsatirani madziwo ndi miyendo. Mulunguzi akatsika phiri amakathira mu Likangala. Likangala amadutsa m'midzi, amathirira madimba ndi sikimu ya mpunga, kenaka amakathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanja ya Chilwa iribe potulukira, ndipo ndi yosaya. Akulu akukumbuka kuti inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anaona mabwato atakhala pa dothi long'aluka. Sindinama kuti kuuma kumeneko kunadza ndi nkhwangwa yokha. Gwero lake ndi mvula yochepa zaka zotsatizana. Koma funsani asodzi kumene matemba, makumba ndi milamba zimabisala nyanja ikauma. Zimathawira m'maiwe a m'mitsinje imene imatsika m'mapiri, ndipo mvula ikabwera, mbeu ya nsomba imachokera m'menemo kukadzazanso nyanja. Mu 1995 mafumu ndi asodzi a kumeneko anagwirizana kuletsa katupe m'maiwe otero, ndipo nsomba zinabwerera. Mtsinje ukaphwa kumtunda, mbeu imeneyo idzabisala kuti? Matemba amene mkulu uja anadyera nsima usiku wa msonkhano amamwa madzi amodzimodzi ndi nsomba imene anaitemberera masana.

Ndipo pano pali chinthu chimene tiyenera kuvomereza pa mbalambanda: tirauti sanalandepo temba ndi limodzi lomwe m'mbale mwathu. Sangathe. Akangotsika phiri nkufika m'madzi ofunda a kuchigwa, wafa. Mulungu anamuikira mpanda umene atsamunda sanaumange. Amene analanda anali munthu ndi lamulo lake, osati nsomba.

Nanga ali kupha mtsinje ndani? Tisayang'ane ku London, abale, kumeneko kulibe amene amatentha phiri lathu. Chaka ndi chaka, kuyambira Ogasiti, usiku timaona mizere ya moto iri kukwawa pa phiri ngati mikanda, ife nkumangoti kwapsa. Wina anafuna mbewa, wina anakwiya ndi kapitao wake, wina anafuna kuti paini apse kuti amgule motchipa. Macheka alira, paini wadulidwa malo aakulu, ndipo sikonse kumene anabzalanso pa nthawi yake. Paini atatha, nkhwangwa yatembenukira ku mitengo yachilengedwe ya m'makwawa, imene ndiyo chofunda chenicheni cha madzi. Ine sinditukwana mai wosenza nkhuni pa mutu kutsika njira ya mbatata ija, kapena mnyamata wokankha njinga ya makala. Ndikuwadziwa, ena ndi mamembala athu, ndipo njala siimva ulaliki. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Thumba la makala silidyedwa kumudzi. Limapita m'tauni, ku nyumba za malata, kwa anthu omwewo amene mawa adzalemba m'nyuzipepala kuti anthu akumudzi ndi osamva. Wotentha amatenga khobidi ndi chifuwa. Wa lole amatenga phindu. Koma ngakhale ziri choncho, madzi akatayika saoleka. Wa lole adzasamukira ku phiri lina. Ife tidzasamukira kuti?

Palinso mlandu wathuwathu, umene sitingaukankhire kwa wina. Alipo amene amathira katupe kapena mthuthu m'dziwe, nkupha zonse, zazikulu ndi zazing'ono, nkhanu ndi achule omwe, kuti atole mbale imodzi. Alipo amene asandutsa neti ya udzudzu, imene inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo, kukhala ukonde wokokolola ndi mazira omwe. Bambo anga anapita ndi mbedza imodzi nakola nsomba imodzi ya munthu wodwala. Musafanizire zimenezi ndi zija.

Kuti mkulu uja asati ndabisa, ndinenenso kuipa kwa nsomba imeneyi. Tirauti ndi chirombo. Amadya tizirombo ta m'madzi, ambululu ndi tinsomba ting'onoting'ono. Ku South Africa ndi ku New Zealand anachepetsa kwambiri tinsomba ta eni dziko m'mitsinje ina imene anaikidwamo, ndipo akatswiri a zachilengedwe anamlemba pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikalowa m'dziko la eni. Chifukwa chake munthu akadza kwa ife ndi nzeru yoti amthire mu khwawa lina limene sanakhalemo chiyambire, nthambi ino ikane, iai wamkulu. Koma m'mene anakhalamo zaka zoposa 100 ndi nkhani ina. Mlendo amene wakalambira pa mudzi sumamuotcha ndi nyumba yomwe, pakuti nyumbayo ndi yako.

Chimene ndimaopa kwambiri si nsomba, koma mpanda. Ndipo mpanda suli ndi khungu. Abale athu a kumpoto akudziwa zimenezi. Ku mapiri a Nyika, kumenenso tirauti anaikidwa m'madamu a ku Chelinda, malo osungirako nyama anakhazikitsidwa mu 1965, ndipo pamene anakulitsidwa mu 1978 anthu ambiri anasamutsidwa pa nthaka ya makolo ao. Amene anachita zimenezo sanali Bwana D.C., linali Boma lathulathu. Phunziro lake ndi ili: anthu a kumudzi akakhala chete pa za phiri, ena amawalankhulira, ndipo akatha kulankhula amamanga chipata. Tikati Mulunguzi satikhudza, mau amenewo adzalembedwa, ndipo tsiku lina adzatiwerengera pamene tiri kupempha kulowa. Malo okongola a pa phiri lathu anatchulidwa kale maina a alendo. Pali pamene anaimirira amai ake a Mfumukazi ya ku Mangalande mu 1957, pali pamene anaimirira Mfumu Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Pamene anaimirira bambo anga ndi dengu pa msana palibe dzina.

Lero lamulo silirinso monga linaliri m'masiku a bambo anga. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la za nkhalango ndi lina la za nsomba, ndipo onse awiri amalola kuti anthu a m'midzi apange makomiti ao, nachita pangano ndi Boma la kusamala nkhalango kapena madzi ndi kupindula nazo. Chitseko chimenecho chakhala chosakhoma zaka zonsezi, ndipo ife takhala panja tiri kudandaula kuti kwazizira. Musati anthu akuda sangasunge lamulo la nsomba popanda mlonda wa yunifolomu. Pa chilumba cha Mbenje, ku Salima, a Mfumu Makanjira ndi anthu ao amatseka usodzi nyengo ya mvula chaka chirichonse, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo anthu a m'maiko ena amadza kudzaphunzira kwa iwo. Iwo sanadikire chiphaso cha munthu.

Tsono ine ndikupempha kuti pa msonkhano ukudzawu nkhani ya mnyamata uja ibwerenso, ndipo nthambi itume anthu, amuna ndi akazi, apite kwa mafumu athu poyamba, kenaka ku maofesi a za nkhalango ndi za nsomba, akanene kuti midzi ya m'tsinde mwa phiri ifuna pangano lolembedwa. M'panganomo mukhale kuti mlendo aliyense wodza ndi ndodo yake ya nthenga alipire ndithu, alipire bwino, koma gawo lodziwika la ndalamayo litsike ku midzi, ndipo liwerengedwe poyera pa bwalo, osati m'thumba la munthu mmodzi. Muzikhalanso kuti operekeza alendo ndi alonda a mtsinje akhale ana athu, olipidwa monga anthu odziwa ntchito, pakuti kudziwa dziwe ndi ntchito; ndi kuti mwana wa kuno amene afuna kuphunzira kuwedza kotero apeze chiphaso pa mtengo woti angaukwanitse. Achinyamata amene amaima m'mbali mwa mseu wa ku Chawe ndi timbale ta zipatso akudziwa kale kuti mlendo wokwera phiri amasiya ndalama. Wowedza amakhalitsa kuposa wongojambula zithunzi, ndipo amabweranso chaka chamawa ngati mtsinje uli moyo. Ifenso tiike chikole chathu pa mphasa: kuti m'mbali mwa mtsinje ndi pa akasupe nkhwangwa isalire, kuti wothira katupe aweruzidwe kwa mfumu ngakhale ali mwana wa Wapampando, ndi kuti tidzalambula njira zotchinga moto Juni asanathe. Wopempha chopanda kupereka amamsekera kuseri.

Kwa mkulu uja ndiribe mangawa. Ndapita kale kwao kukawauza kuti ndalemba zimenezi, kuti asadzidzimuke pozimva ziri kuwerengedwa. Anandiyankha kuti adzabwera ndi mau ao, ndipo ndawapempha a Wapampando kuti adzawapatse nthawi yokwanira. Inu amene muli ndi agogo amene anagwirapo ntchito pa phiri, m'nkhalango, ku maiwe oswetsera nsomba kapena ponyamula madengu, abweretseni, ngakhale pa njinga. Tifuna atiuze maina a maiwe ndi makwawa monga ankawatchulira iwo, ndi kumene madzi ankafika m'chirimwe, kuti a Mlembi alembe, tidzapite nazo m'manja pokaonana ndi mafumu.

Ine wanu m'nthambi,
Mwana wa wonyamula dengu